ZA ULENDO WA KU MAPANGA A CONGONI, NDI ZA ANTHU AMENE ADALEMBA PA MATANTHWE AO

Abale anga aphunzitsi, ambiri a inu mwayenda kawiri-kawiri pa mseu waukuru wocokera ku Lilongwe kunka ku Dedza. Ndipo mutapitirira Linthipe mwaona ku dzanja lamanzere mapiri a matanthwe, oimirira pakati pa nkhalango. Amenewo ndiwo mapiri a Congoni. Inenso ndakhala zaka zambiri m'tsinde mwa mapiri omwewo, ndiri kuphunzitsa ana za manda a mafumu a Aigupto ndi za miseu ya Aroma, koma m'mapanga okhala pakhomo panga sindinapondemo ndi kamodzi komwe. Cimene cinandinyamula ndico funso la mwana wanga wamkazi, wa zaka 11. Iye anabwera madzulo ena kucokera kusukulu, nati, "Atate, aphunzitsi athu ati ku Congoni kuli zolemba za anthu akale, ndi kuti alendo acokera kutsidya kwa nyanja kudzaziona. Kodi inu munaziona?" Ndinayankha kuti ndinamva mbiri yace. Iye anati, "Kumva ndamva inenso." Mau amenewo anandikhala mumtima mlungu wonse, ndipo tsiku Loweruka tinapita.

Unali mwezi wa November, masuku atayamba kugwa, mvula yeniyeni isanafike. Amace a mwanayo anatimangira kamba, ndiye mbatata ya kacewere yophika, ndi cimanga cokazinga, ndi thobwa m'botolo. Tinalawira mbanda kuca, ndipo pa boma la Dedza tinakwera njinga za kabaza, ndi kutsata mseu wapfumbi wolowera kumpoto. Nkhalango imeneyi Boma la Angerezi lidaiikira malire m'caka ca 1924, ndipo malirewo adawakonzanso mu 1928 ndi mu 1930 kuti midzi ikhale kunja kwace. Mitengo ya paini imene iima m'mizere-mizere ngati asilikari ndi ya dzulodzulo, pakuti adayamba kuibzala kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ndipo miseu ya m'nkhalangomo adailima cifukwa ca mitengoyo, si cifukwa ca mapanga ai. Mitengo ya eni dziko ndiyo mombo ndi msuku ndi inzace, imene ikali kukangamira m'miyala mosafika khasu. Pa cikwangwani alemba Chongoni ndi Chentcherere, ndipo pamenepo tinatsika, ndi kuyamba kukwera ndi miyendo, mwanayo ali kutola masuku njira yonse.

Anatiperekeza munthu wina waimvi wa m'mudzi wapafupi, amene azolowera kuonetsa alendo njira. Anatifikitsa pa phanga lochedwa Mwana wa Cencherere. Musayese kuti ndi phanga lamdima, lolowa pansi, monga la fisi. Ndi thanthwe lalikuru lopendekera kutsogolo ngati khonde la nyumba, kotero kuti mvula siifika pa khoma lace, ndipo anthu ambiri akhoza kubisala pansi pace. Poyamba maso anga anaona zinthu ziwiri zokha: zifanizo zazikuru zoyera, ndi maina a anthu olembedwa ndi makala pamwamba pa zifanizozo. Ndinafunsa msanga, monga acita munthu wozolowera kufunsa ena, kuti zofiira zija tidazimva ziri pati. Mkuruyo anati, "Aphunzitsi, khalani pansi poyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tinakhala pa mwala, osalankhula. Ndipo wakuyamba kuona sanali ine ai, koma mwanayo, amene anandigwira dzanja, nati, "Atate, taonani kunsi kwa coyeraco!" Pamenepo ndinaona timizere tofiira, tozilala ngati mwazi wakale pa nsaru, ndi zozungulira zina, ndi mizere yoima pamodzi ngati mano a cipeso. Nditaziona kamodzi, zinayamba kuturuka ponseponse.

Thanthwelo liri ngati sileti limene silinafafanizidwe ciyambire. Zofiira ziri pansi, cifukwa ndizo zakale; zoyera ziri pamwamba pa zofiira; ndipo makala ali pamwamba pa zonse. Mwana wa kalasi yoyamba akhoza kudziwa yekha amene anayamba ndi amene anatsiriza, ngakhale palibe caka colembedwa.

Ndinena zolemba, osati zojambula, ndipo nditero dala. Ambiri ayesa kuti mau akuti kulemba anadza ndi sukulu, koma si kutero. Makolo athu anali kulemba asanaone buku: mmisiri analemba mzere pa mtengo asanauseme, ndi mkazi analemba timizere pakamwa pa mbiya isanaume. Kumwera, pa phiri la Mikolongwe, kuli phanga lina la zifanizo zotere, ndipo dzina lace ndi Mwalawolemba. Tsono pamene azungu oyamba anafuna mau a nchito ya colembera ndi pepala, sanapange acilendo. Anatola amene anawapeza. Ici ncoyenera kuuza ana pamene muwaphunzitsa a, e, i, o, u.

Nanga adalemba zofiirazo ndani? Acewa sanena kuti ndi makolo ao. Anena kuti pakufika iwo m'dziko muno adapeza anthu afupi-afupi, osalima, osaweta, akudya nyama za m'thengo ndi uci ndi mizu ndi zipatso, okhala m'mapanga. Anawacha Akafula, kapena Abatwa. Ndipo dzina ili la Abatwa limveka kufikira lero ku maiko ena, monga m'madambo a Kafue ndi a Bangweulu ku Zambia, ndi ku Rwanda ndi ku Burundi. Dzina lacitatu, limene ana alikonda, ndilo Amwandionerapati. Nthano yace muidziwa: munthu wamfupiyo akakomana nawe m'njira afunsa, "Mwandionera pati?" Ukati, "Ndakuonerani patali, ndikali kuseri kwa phiri," akondwera, nakuleka upite, koma ukati, "Ndakuonerani pompano," akulasa ndi mubvi, cifukwa wamnyoza kuti ngwamng'ono.

M'dzina limeneli muli phunziro la galamala, ndipo sindifuna kulipitirira. Tsinde ili -ti ndilo lofunsira, ndipo litsata dzina la cinthu cofunsidwaco: munthu uti, cinthu citi, nyumba iti, maina ati. Likafunsa malo litenga ku, pa ndi mu, ndipo tipeza kuti, pati, muti. Kuti afunsa dera lonse. Pati afunsa pamalo penipeni pamene phazi linaponda. Muti afunsa m'kati. Ana ambiri a makono atsala ndi kuti yekha, nafunsa naye zonse, ndipo cinenero cisauka nazo. Taonaninso -era wa m'mau akuti mwandionera. Munthu akati, "Mwandiona pati?" afunsa pamene iye anali, koma akati, "Mwandionera pati?" afunsa pamene inu munaima pakumuona. Kafula uja sanafunse za malo ace, koma za anu, kuti ayese nao msinkhu wace. Mwana wanga anaseka nthanoyo monga aseka ana onse. Ine sindinaseke kwambiri, pakuti ndinakumbuka kuti nthano iyi adaisiya ndi anthu amene adatenga dziko, ndipo eni ace a thanthwe sanasiye yao.

Zimene eni acewo sananene ndi pakamwa, dothi lanena pang'ono. M'caka ca 1972 J. Desmond Clark, mphunzitsi wamkuru wa zakale, amene kale anasunga nyumba ya zakale ya ku Livingstone, adakumba pansi pa phanga lomwe lino. Nchito yotere sailima ndi khasu. Acotsa dothi pang'ono-pang'ono, nalisefa monga asefa ufa, nalemba kanthu kali konse ndi kuya kwace kumene anakapeza. Adapeza timiyala toyera tosongoka, tating'ono ngati cikhadabo, timene anthu aja anaswa mwaluso kuti akhale mano a mibvi ndi mipeni. Adapeza mafupa ambiri a nyama za m'thengo zimene anadya. Ndipo m'dothi la pamwamba adapeza mapale a mbiya ndi tizitsulo, zosanganikirana ndi timiyala tomwe tija. Adapezanso mafupa a anthu oikidwa pomwepo. Mkuru uja anatilozera pamene adakumbapo, ndipo mwanayo anasuntha mapazi ace, pozindikira kuti waima pamanda.

Mapale aja ali ndi tanthauzo lalikuru. Anthu olima ndi osula citsulo, a zinenero za mtundu wa cathu cino, adafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 200 ndi 300 A.D.; mbiya zao azicha za Nkope, cifukwa adayamba kuzizindikira ku Nkope, m'mbali mwa nyanja. Iwo anakhala m'zigwa ndi m'madambo, nalima mapira ndi mawere. Koma osaka a m'mapiri sanathe pomwepo. Anakhalabe m'mapanga ao zaka mazana ambiri, ali kupenya utsi wa midzi kunsi kwao, ndipo mbiya za alimi zinafika m'manja mwao. Tisaphunzitse ana kuti mtundu wina unaturuka Lolemba ndi wina kulowa Laciwiri. Anthu awiriwa anakhala moyandikana nthawi yaitali koposa nthawi yonse imene yapita cifikire Livingstone ku nyanja mu 1859.

Pamenepo mwanayo anafunsa funso limene ndinaliyembekeza. Anati, "Atate, nanga anapita kuti? Kapena ndife tomwe?" Kale ndikadayankha monga ndinamva kwa akuru, kuti ena adaphedwa, ena adathawa, ndi ena adakwatirana ndi Acewa nasungunuka pakati pao. Koma tsopano pali umboni wina. M'thupi la munthu ali yense muli kanthu kosaoneka ndi maso, kochedwa DNA, kamene mwana alandira kwa atate wace ndi kwa amace, ndipo katsala m'mafupa zaka zikwi zambiri. M'caka ca 2017 Pontus Skoglund ndi David Reich ndi anzao adabukitsa zimene adapeza poyesa mafupa akale a m'dziko muno: a ku phiri la Hora ku Mzimba, ena a zaka ngati 8,000, a ku Fingira pa Nyika, ndi a ku Cencherere kuno, a zaka ngati 5,000. Adapeza kuti anthu amenewa anali a mtundu umodzi wokhalitsa, wa cibale ndi Asan a kumwera kwa Africa mbali yina, ndi Ahadza a ku Tanzania mbali yinanso. Ndipo poyesa Acewa ndi Ayao ndi Atumbuka ndi Angoni a makono, sanapeze mwa iwo mwazi wa anthu ajawo, koma ngati ulipo ngwocepa kopambana. Ndinamuuza mwanayo zimenezi monga ndinakhoza. Anakhala cete, nati, "Ndiye kuti alibe wowalira maliro." Sindinapeze comuyankha, ndi mkuru uja sanayankhe.

Tinadya kamba wathu pamthunzi, ndi kugawana ndi mkuruyo. Ndinauza mwanayo kuti mwa zonse tinadya, masuku okha ndiwo Akafula akadawazindikira. Pakuti cimanga ndi kacewere zonse ziwiri zidacokera ku America, ndipo sizinafike kuno kufikira zombo za Azungu zitayamba kuoloka nyanja ija, citapita caka ca 1492. Iye sanabvomere msanga kuti nsima ya cimanga ndi mlendo.

Titadya tinabwerera ku zoyera, ndipo apa nkhani inandibvuta mwa njira yina. Zoyerazi n'za Acewa, ndipo palibe wokana. Adazimata ndi zala, ndi dothi loyera losungunula m'madzi, ndipo nzazikuru ndi zonenepa, zosafanana ndi timizere tosamalika ta Akafula. Zambiri zioneka ngati cikopa ca nyama cokhomedwa pansi kuti ciume, miyendo inai yotambalala ndi mcira, kapena ngati buluzi ndi birimankhwe powayang'ana ucokera pamwamba. Zina ziri ndi madontho-madontho, ndipo zina zifanana ndi njoka. Mbiri ya makolo inena kuti Acewa adacokera ku Uluwa, m'dziko la Congo, ndi kuti sadafike onse pamodzi. A pfuko la Banda ndiwo ayesedwa oyamba, eni nthaka ndi eni nsembe za mvula, ndipo pakati pao akazi anali ndi ulemu waukuru, monga Makewana wa ku Msinja. A pfuko la Phiri adadza pambuyo ndi ufumu wa Kalonga, namanga mudzi wao waukuru ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kunsi kwa mapiri omwe ano. Kumeneko Yusuf Juwayeyi adakumba, napeza mikanda yagalasi ndi mkuwa ndi minyanga ndi mapale a mbale za ku China; ndiko kunena kuti Amaravi anali pa malonda ndi a kunyanja yamcere kale lomwe. Koma zifanizo za pa thanthwe lathuli si za mafumu kapena za malonda ai. N'za cinamwali.

Benjamin Smith, ndi pambuyo pace Leslie Zubieta, amene adalemba buku la phanga lino lokha mu 2006, adafunsa amai okalamba a kuno ndi a kum'mawa kwa Zambia, ndipo adapeza kuti zifanizozi ziri pa cibale ndi zimene anamkungwi aumba ndi dothi polangiza anamwali, ndi cingondo cimene namwali abvala kumutu. Kale anamkungwi ndi aphungu anatengera anamwali kumalo obisika otere, kutali ndi maso a amuna, ndipo cifanizo ciri conse cinanyamula mwambo wace, kuti mtsikana akaciona akumbuke cimene anamuuza. Inu ndi ine ticita comweco ndi coko pa bolodi. Mwanayo analoza cifanizo cacikuru ca madontho, nati, "Atate, nanga ici cinena ciani?" Ndinaceukira mkuru uja kuti andithandize. Iye anayang'ana pansi, nakumba dothi ndi ndodo yace, nati, "Mwanawe, izo n'za amai. Ife amuna tingosunga mwala."

Ndinazindikira pamenepo kuti mwa ife atatu, mwini wace wa zoyerazo ndi wamng'onoyo. Ine ndine mkamwini pa mudzi wa amace. Mwana ngwa mbumba ya atsibweni ace, ndipo nzeru za pa thanthwelo zidatsika kucokera kwa amai kunka kwa ana akazi, mwa njira yomweyo imene utsata mtundu wace. Mabuku ndinawerenga ine, ndipo zina za m'mabukumo ndikadakhoza kuzichula. Koma si zonse zimene munthu adziwa ziri zace kuti azinene, ndipo pano sindizilembanso. Mipingo yathu idaona kale kuti cilangizo ca atsikana sicingakhale m'manja mwa amuna, ndipo idaika amai acikulire akhale alangizi. Pamenepo idatsata makolo, ngakhale idasintha mau a cilangizoco.

Pali zoyera za mtundu wina, zimene siticedwa nazo pano cifukwa sitinafike kumene zicuruka. Ziri ku phanga la Namzeze, kumene afuna miyendo yolimba koposa ya mwana wa zaka 11, ndipo n'za amuna, za nyau. Kumeneko kuli zifanizo za zirombo za gule, monga kasiyamaliro, ndi pakati pa izo pali galimoto. Galimotoyo ndiyo caka colembedwa, pakuti munthu sakadailemba cisanafike caka ca 1900. Wodziwa gule sazizwa nayo, popeza gule atenga ciri conse cacilendo ndi camphamvu nacibvina, monga adacita ndi Simoni wa nkhope yofiira. Koma cifukwa ninji amuna adakwera kukalemba zirombo m'mapanga, pamene malo ace a zimenezo ndi kudambwe? Yankho liri m'masautso a zaka zija. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu November 1835. Ndipo Angoni a kwa Maseko, atabwerera kucokera ku Songea, adakhala ku phiri la Domwe, pafupi pomwe ndi Dedza, monga caka ca 1870, ndipo m'masiku a Cidyaonga ndi a Cikuse nkhondo zao zidapasula midzi ya Acewa. Kum'mawa kunali ogula akapolo. Anthu adathawira m'mapiri muno, nalima timinda m'mipata ya miyala. Angoni adanyoza nyau, ndipo gule adabisala pamodzi ndi eni ace.

Nkhondo zitatha gule sanapumule, ndipo pano ife a misyoni tiri m'kati mwa nkhani, tisadzibise. Boma la Angerezi lidayamba mu 1891. A Dutch adamanga Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896. Abambo Oyera adafika ku Mua mu 1902. M'zaka za m'ma 1920 sukulu ndi dambwe zidalimbana kolimba, kulimbanira anyamata omwewo, ndipo milandu yace idafika kwa Abwanamkubwa. Yense wa ife adziwa cimene mpingo wace uphunzitsa za gule, ndipo sindilemba kuti nditsutse kapena kubvomereza. Ndinena ici cokha, kuti zifanizo za ku Namzeze ndi mboni ya nthawi imene anthu anaopa kuti mwambo wao udzaiwalika, naupereka kwa mwala kuti uwasungire. Ndipo munthu wofuna mlandu uweruzidwe bwino sapha mboni, ingakhale ya mnzace wotsutsana naye.

Tsopano ndinene za makala, ndi za kulakwa kwanga. Mapanga asanu a Cencherere Boma lidawaika m'gulu la zosungidwa za dziko mu 1969, ndi kuwatsegulira alendo. Ndipo mu 2006 a UNESCO adalemba dera lonse la Congoni, la masikweya kilomita 126, lokhala ndi malo a zolemba 127, m'buku la cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Palibe pena pakati pa Africa pamene zolemba za pa miyala zicurukana cotero. Koma mapanga ofikako msanga ndiwo aonongeka koposa, ndipo owaononga si Angoni kapena mvula ai. Mwana wanga anayamba kuwerenga mainawo mokweza, limodzi-limodzi, ndi zaka zace, ndipo pena adalembapo ndi kalasi lomwe. Zilembo zace zinali zoongoka bwino, zotsata mzere, monga tiziphunzitsa ife. Akafula sanadziwe alifabeti, ngakhale anamkungwi akale. Dzanja liri lonse limene lidadetsa thanthwelo lidapita m'manja mwa mphunzitsi.

Mtima unandipsa, ndipo ndinaturutsa kansaru m'thumba, ndi kukanyowetsa ndi madzi akumwa, kuti ndipukute dzina limodzi lonyansa koposa, lolembedwa pakati penipeni pa cifanizo. Mkuruyo anandigwira mkono, ndi mphamvu yoposa imene ndinamuyesera, nati, "Iai, aphunzitsi! Coyeraco ndi dothi cabe. Mukapukuta makala mupukuta ndi ico comwe, ndipo mudzaononga koposa anawo." Ndinabweza kansaruko m'thumba, conyowa comweco, mwana wanga ali kupenya. Ananena zoona. Utoto woyera sulowa m'mwala, ungokhala pamwamba, ndipo ungacoke ndi madzi, ndi thukuta la m'manja, ndi mwaye wa moto wosonkha pansi pace. Kucotsa makala ndi nchito ya amisiri ace, otumidwa ndi a Boma osunga zakale. Cifukwa cace mukapita ndi ana a sukulu, pitani ndi owerengeka amene maso anu akhoza kuwasunga, ndipo muyambe mwapempha wokuperekezani kumudzi. Makala ndi coko zitsale kunyumba, ndi manja akhale kumbuyo. Wofuna kutenga kanthu atenge ndi pensulo m'kope mwace.

Mwana wanga anacita comweco. Anakhala pa mwala nthawi yaitali, lilime liri panja, ali kulemba m'kope zozungulira zofiira zija ndi mizere yace, nawerenga mizereyo kawiri kuti asalakwe. Pamene dzuwa linapendeka ndinayang'ana m'kopemo, ndipo ndinaona kuti zoyera sanalembe ndi cimodzi comwe. Ndinamfunsa cifukwa cace. Anati, "Zofiirazi zilibe mwini woti ndimpemphe. Zoyerazo ndiyambe ndafunsa agogo."

Tinatsazika mkuru uja, ndi kutsika. Kabaza sitinampeze msanga, ndipo tinayenda pansi ndime yaikuru, mitambo ya mvula iri kusonkhana pamwamba pa phiri la Dedza, mwanayo atatopa, nsapato ziri m'manja. Tinafika kumudzi nkhuku zitalowa. Iye sanalowe m'nyumba mwathu, koma anapitirira kunka kukhichini kwa agogo ace, amai a mkazi wanga, kumene kunali moto. Ine ndinaima patali, pa nkhokwe, monga ayenera mkamwini, ndipo ndinamva mau a mwanayo ali kufotokoza, ndi apongozi anga ali kufunsa kuti cifanizoco cinali ndi madontho kapena iai, ndi kuti mcira wace unaloza kuti. Pambuyo pace mau anatsika, ndipo mkazi wanga anaturuka, nadza kwa ine, nati, "Amai akuti mwacita bwino kumuonetsa. Akutinso madzi anu osamba ali kubafa, mupite."